Momwe mungawerengere anatomy ndi physiology ndi makhadi a mafunso

Temu yanga yoyamba pa maphunziro a unamwino ndinkawerenga monga tinazolowerera kusekondale. Ndinkatsegula buku, kuyendetsa maso m'mizere, kulemba mzere kunsi kwa mawu ofunika, mawa lake n'kubwerezanso chimodzimodzi. Tsamba la mafupa a mkono ndinkalidziwa ngati njira ya kumunda kwathu. Tsiku la mayeso aphunzitsi anaika fupa patebulo n'kundifunsa kuti, "Ili ndi fupa lanji, ndipo ndi la mbali iti?" Ndinaliyang'ana, ndinaona kuti si lachilendo, koma dzina linakana kubwera pakamwa. Linali humerus, ndipo usiku wa dzulo lake ndinali nditaliwerenga kawiri konse.

Kuzindikira chinthu pamene ukuchiona n'kosavuta. Kuchitulutsa m'mutu buku lili chitsekere ndi ntchito ina, ndipo ndiyo imene mayeso amafuna, ndiyonso imene idzafunike m'wodi pamene wodwala ali patsogolo panu. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa kuti ophunzira amene anawerenga nkhani n'kumadziyesa kuikumbukira, patatha sabata imodzi ankakumbukira zambiri kuposa anzawo amene anangoibwereza kuwerenga. Khadi la mafunso limagwira ntchito imeneyi: kutsogolo funso, kumbuyo yankho, pakati pake mutu wanu ukuvutika kufunafuna. Kuvutikako ndiye kuphunzira kwenikweniko. Kaya mukuphunzira muno m'Chipata, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, kaya ndi unamwino, uzamba kapena ukilinikala ofisala, njira yake ndi imodzi.

Dulani makhadi

Musataye ndalama kufunafuna makhadi a m'sitolo. Gulani pepala la manila, kapena tengani pepala lolimbirako la A4, lipindeni katatu ndipo mutulutsa makhadi 8, lililonse lokwana bwino m'thumba la yunifolomu. Pepala la m'kope n'lopyapyala, yankho limaonekera kutsogolo, ndiye musaligwiritse ntchito. Pezaninso katoni ya nsapato, timphira tomangira, pensulo ndi zolembera za mitundu itatu: yofiira ya artery, yabuluu ya vein, yobiriwira kapena yakuda ya nerve. Pakona ya khadi lililonse lembani zilembo ziwiri kapena zitatu zosonyeza chigawo chake, monga CVS pa za mtima ndi magazi, kuti tsiku lina mukadzafuna za mtima zokha musadzavutike kusankha.

Yambani ndi mizu ya mawu

Musanakhudze fupa lililonse, sabata yoyamba lembani makhadi 40 kapena 50 a tizidutswa ta mawu. Mayina ambiri a m'phunziroli anachokera ku Chigiriki ndi Chilatini, ndipo amamangidwa ngati nyumba ya njerwa. Hepat ndi chiwindi, nephr ndi ren ndi impso, cardi ndi mtima, oste ndi fupa. Itis kumapeto kwa liwu ndi kutupa. Hyper ndi kupitirira muyeso, hypo ndi kuperewera, tachy ndi kufulumira, brady ndi kuchedwa. Mukadziwa izi, liwu ngati osteomyelitis kapena bradycardia mumalimasula nokha tsiku loyamba kulimva.

Onjezani mawu osonyeza mbali: anterior, posterior, medial, lateral, proximal, distal. Kumbukirani kuti onsewa amanenedwa munthu ataimirira chilili, manja m'mbali, zikhatho zitayang'ana kutsogolo. N'chifukwa chake radius, fupa la mbali ya chala chachikulu, limatchedwa la lateral, pamene ulna ndi la medial. Amene sanagwire bwino kaimidwe kameneka amasokoneza mbali mpaka chaka chomaliza.

Khadi limodzi, funso limodzi

Apa ndiye ambiri timalakwitsa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Munthu amatenga khadi, kutsogolo n'kulemba "Mtima", kumbuyo n'kudzaza ndi tizilembo ting'onoting'ono zonse za m'notsi. Limenelo ndi tsamba la notsi lochepetsedwa chabe. Mukalitembenuza mumati "eya, izi ndikuzidziwa", koma simunadziyese chilichonse, chifukwa panalibe funso loti mukhoze kapena mulephere.

Funso labwino limakhala ndi yankho limodzi lomwe mungathe kulinena m'masekondi 10. "Ndi valve iti ili pakati pa left atrium ndi left ventricle?" Yankho: mitral, imene imatchedwanso bicuspid. "Ndi mbali iti ya mtima imene imayambitsa kugunda?" Yankho: sinoatrial node, m'khoma la right atrium. "Red blood cell imakhala masiku angati?" Pafupifupi 120. "pH ya magazi a munthu wabwinobwino?" Kuyambira 7.35 kufika 7.45.

Zinthu za m'ndandanda ziduleni. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, koma musalembe khadi loti mutchule onsewo. Lembani lina lofunsa kuti a axial skeleton (a mutu, msana ndi chifuwa) ndi angati, yankho 80, lina la appendicular (a manja, miyendo, mapewa ndi chiuno), yankho 126. Mafupa a msana apatseni makhadi awoawo: a m'khosi ndi 7, a kuchifuwa kumene kumalumikizana nthiti ndi 12, a m'chiuno otchedwa lumbar ndi 5. Ma cranial nerve onse 12, amene amachokera mwachindunji ku ubongo, musawaunjike pamodzi. Uliwonse ukhale ndi khadi lofunsa dzina kuchokera pa nambala, ndi lina lofunsa ntchito yake. Pokhapokha mutawadziwa umodziumodzi ndi pamene mungalembe khadi lomaliza lowatchula motsatana.

Lembani makhadi mutamvetsa kaye phunzirolo. Ngati m'kalasi simunamve chifukwa chimene pulmonary artery imanyamulira magazi opanda oxygen pamene ndi artery, bwererani ku buku kapena kafunseni aphunzitsi. Mukamva kuti artery ndi mtsempha uliwonse wochotsa magazi kumtima, mosayang'ana kuti muli oxygen kapena ayi, pamenepo lembani khadi. Chinthu choloweza osachimvetsa chimathawa mafunso akangosinthidwa kafunsidwe.

Nkhani ya chilankhulo nayo ndi yofunika. Mayeso amabwera m'Chingerezi, choncho dzina la chiwalo lilembedwe m'Chingerezi, kalembedwe kake kolondola chilembo ndi chilembo. Koma kufotokoza kwa kumbuyo mukhoza kulemba m'Chinyanja, ndipo ine ndimalimbikitsa zimenezo, chifukwa chimene mwatha kuchinena m'chilankhulo cha kwanu ndiye kuti mwachimvadi. Ingochenjerani ndi mawu athu ena amene amasenza katundu wambiri. "Mtsempha" timatchula artery, vein, nerve ngakhalenso tendon. "Kapamba" ena amatanthauza spleen, ena pancreas. Pa khadi musalembe "mtsempha" pawokha, nenani kuti ndi uti. Mawu athuwa adzakuthandizani kwambiri pomvera agogo akufotokoza pamene pakuwawa, koma pa pepala la mayeso adzakutayitsani mamalikisi.

Pali mawu ena ofanana ngati mapasa, ndipo amenewa ayenera kukhala ndi makhadi owasiyanitsa. Ileum ndi gawo lomaliza la matumbo aang'ono, ilium ndi fupa la m'chiuno. Ureter imachotsa mkodzo ku impso kupita ku chikhodzodzo ndipo zilipo ziwiri, urethra imautulutsa kunja ndipo ndi imodzi. Osteoblast imamanga fupa, osteoclast imaligumula. Afferent imalowetsa, efferent imatulutsa. Funso lake likhale lolunjika pa kusiyanako: "Pa ileum ndi ilium, fupa ndi liti?"

Anatomy imafuna chithunzi ndi dzanja

Dzina la chiwalo lopanda malo ake n'lachabe. Jambulani nokha, ngakhale simudziwa kujambula bwino. Kutsogolo jambulani impso yodulidwa pakati, ikani muvi umodzi wokha ndi chizindikiro cha funso. Kumbuyo lembani dzina la pamene muviwo waloza. Chithunzi chomwecho mukhoza kuchijambula kasanu, muvi n'kumausuntha: cortex, medulla, pyramid, pelvis, ureter. Pofika kachisanu dzanja lanu laloweza kale maonekedwe a impso, ndipo funso loti mujambule ndi kulemba mayina likadzabwera simudzanjenjemera.

Thupi lanu ndi buku limene mumayenda nalo. Mukayankha khadi la fupa, gwirani fupalo. Clavicle ili apa pansi pa khosi, olecranon ndi nsonga ya chigongono, patella ndi kafupa ka pabondo, lateral malleolus ndi kakolo wa kunja. Khadi la radial artery likabwera, ikani zala pamkono mumve kugunda. Ndipo ngati pasukulu panu pali chigoba cha mafupa m'chipinda choyeserera, pitani nawo makhadi kumeneko kamodzi pa sabata. Humerus ija inandigonjetsa ndinadzaidziwa nditaigwira m'manja: mutu wake wobulungira umayang'ana mkati, ku thupi, ndipo dzenje lakuya la kumunsi, olecranon fossa, limakhala kumbuyo. Zizindikiro ziwirizi zikakhala m'malo mwake, mbali yadziwika. Ndinalemba khadi lake tsiku lomwelo nditaimirira pafupi ndi chigobacho.

Timawu tothandiza kukumbukira pangani tanu, m'chilankhulo chanu. Ma white blood cell, kuyambira ochuluka kufika ochepa, ndi neutrophil, lymphocyte, monocyte, eosinophil, basophil. Ine ndimawakumbukira ndi moni uyu: "Nanga lero mwadya? Eya, bwino." Zilembo zoyamba zimagwirizana. Kamawu kotere kalembeni ndi pensulo kumbuyo kwa khadi, kunsi kwa yankho.

Physiology imafuna "chifukwa chiyani"

Anatomy imafunsa kuti n'chiyani ndipo chili pati. Physiology imafunsa kuti chimachitika bwanji, ndipo chikasintha ichi chimatsatira n'chiyani. Makhadi ake akhale ngati mphete za unyolo, iliyonse yogwira inzake.

Tengani chitsanzo cha mwana amene wabwera kuchipatala atatsegula m'mimba masiku awiri, maso atalowa, mkodzo ukungodontha pang'ono. Madzi achepa m'thupi, magazi akuyenda mofooka. Khadi loyamba: "Magazi akachepa mphamvu, impso imatulutsa chiyani?" Renin. Lachiwiri: "Renin imasintha chiyani kukhala chiyani?" Angiotensinogen, yopangidwa m'chiwindi, kukhala angiotensin I. Lachitatu: "N'chiyani chimasintha angiotensin I kukhala angiotensin II, ndipo makamaka kuti?" ACE (angiotensin-converting enzyme), makamaka m'mapapo. Lachinayi lifunse zimene angiotensin II imachita ku mitsempha ya magazi: imaifinya. Lachisanu lifunse hormone imene imatuluka ku adrenal cortex chifukwa cha iyo: aldosterone. Lachisanu ndi chimodzi: "Aldosterone imauza impso kuti isunge chiyani?" Sodium, ndipo madzi amatsatira. Pamwamba pa onsewa ikani khadi limodzi lalikulu: "Fotokozani chifukwa chimene mwana wotsegula m'mimba amakodzera pang'ono." Ili lokha ndi limene mungaliyankhe kwa mphindi yathunthu, mokweza, n'kuonjezapo ADH, hormone yochokera ku posterior pituitary imene imauza impso kusunga madzi. Mukadzafika pa mankhwala n'kumva kuti enalapril imatsekereza ACE, simudzafunika kuloweza chifukwa chake imatsitsa BP.

Manambala nawo apatseni tanthauzo. Impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, koma mkodzo umatuluka lita imodzi ndi theka basi. Khadi lisathere pa nambala. Funsani kuti, "Enawo amapita kuti?" Cardiac output, magazi amene mtima umapopa pa mphindi, ndi stroke volume (magazi otuluka pa kugunda kumodzi) kuchulukitsa ndi kugunda kwa mtima pa mphindi: mamililita 70 kuchulukitsa ndi 72 ndi pafupifupi malita 5. Lembani lina lofunsa kuti, "Munthu wataya magazi ambiri, stroke volume yatsika. Mtima uchita chiyani kuti cardiac output isagwe?" Uthamanga. Mwayankha kale chifukwa chimene mayi wotaya magazi atabereka amakhalira ndi pulse yofulumira.

Matenda amene timawaona tsiku ndi tsiku kuno kum'mawa ndi aphunzitsi abwino. Malungo amaswa ma red blood cell, haemoglobin imaphwanyidwa n'kukhala bilirubin, maso amasanduka achikasu, spleen imakula pogwira ntchito yochotsa maselo owonongeka. Jakisoni wa pathako amabayidwa kumtunda chakunja kuti singano isakhudze sciatic nerve. Chilichonse chotere chimene mwaona m'wodi, madzulo ake chisandutseni khadi. Dzina la wodwala, nambala ya bedi kapena mudzi wake zisalembedwe pa khadi ngakhale pang'ono.

Konzani bokosi

Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo mu 1885 anasindikiza zimene anapeza: munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Kubwereza chinthu chitatsala pang'ono kuthawa kumachikhazika nthawi yotalikirapo. Mtolankhani wina wa ku Germany komweko, Sebastian Leitner, mu 1972 anafalitsa njira ya bokosi logawidwa imene imatsata mfundo imeneyi.

Gawani katoni yanu zigawo zinayi ndi tizidutswa ta katoni ina. Khadi latsopano lililonse limayamba m'chigawo choyamba. Mukaliyankha bwino limapita m'chachiwiri, mukadzalikhozanso limapita m'chachitatu, mpaka m'chachinayi. Mukalephera, libwezeni ku chigawo choyamba, ngakhale linali litafika kumapeto. Ndondomeko imene inandiyendera ine ndi iyi: chigawo choyamba tsiku lililonse, chachiwiri Lachiwiri ndi Lachisanu, chachitatu kamodzi pa sabata, Loweruka kapena Lamlungu malinga ndi tsiku limene simupita kukapemphera, chachinayi pa 1 ndi pa 15 mwezi uliwonse. Lembani masikuwa pa chivindikiro cha katoni.

Makhadi atsopano asapitirire 10 kapena 15 pa tsiku, ndipo alembeni tsiku lomwelo la phunziro mutu ukadali wofunda. Zikuoneka zochepa, koma makhadi 10 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, m'masabata 12 ndi makhadi 720. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene amalemba 100 usiku umodzi, pofika Lachitatu chigawo choyamba chadzaza, mtima wagwa, katoni yalowa pansi pa bedi.

Kayankhidwe

Werengani funso, khadi lili m'dzanja, mbali ya yankho itayang'ana pansi. Nenani yankho mokweza kapena lilembeni pa pepala lapadera, kenako tembenuzani. Musatembenuze yankho lisanatuluke. Likakana, dikirani masekondi 10 mukulifunafuna, ndipo likakanabe vomerani kuti mwalephera. "Ndinatsala pang'ono" ndi kulephera. Kulemba ilium pamene amafuna ileum ndi kulephera. Palibe amene akukuonani, choncho chilungamo chonse chili kwa inu.

Sakanizani makhadi musanayambe, ngati mmene amachitira osewera njuga, kuti mutu usaloweze kuti pambuyo pa ili pamabwera ili. Sakanizaninso zigawo za thupi, la mtima litsatane ndi la mafupa, chifukwa pa mayeso mafunso sabwera mwa mitu. Khadi limene lakugonjetsani kanayi kapena kasanu lili ndi vuto. Mwina funso n'lalikulu, lidulenso. Mwina phunzirolo simunalimve, bwererani ku buku. Ling'ambeni mulembe lina.

Chigawo choyamba chimangeni ndi kamphira muziyenda nacho, m'kathumba ka pulasitiki nthawi ya mvula. Pamzere wa nsima, podikira minibasi kuti idzaze, podikira madzi pampopi, mphindi 10 zimakwana makhadi 20. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo masana, mutu sugwira kanthu m'chipinda. Ine ndinkachita ntchito yaikulu m'mamawa cha m'ma 5 koloko kusanatenthe, zotsala pansi pa mtengo wa mango madzulo. M'wodi makhadi akhale m'thumba mpaka nthawi yopuma, mutasamba m'manja.

Nanga foni?

Pali pulogalamu yotchedwa Anki, imene Damien Elmes anaiyamba mu 2006. Pa foni za Android imatchedwa AnkiDroid ndipo ndi yaulere, pa iPhone ndi yogula. Imagwira ntchito ya katoni ija yokha: mukayankha mumadina Again, Hard, Good kapena Easy, iyo n'kusankha tsiku limene khadilo lidzabwerenso. Mukangoitsitsa safuna bandulo kuti muwerenge. Ilinso ndi njira yotchedwa Image Occlusion, imene imaphimba mayina pa chithunzi kuti muwatchule nokha, ndipo pa anatomy ndi yothandiza zedi. Imabwera itaikidwa pa makhadi atsopano 20 pa tsiku. Tsitsani afike pa 10 poyamba.

Pa intaneti pali mitolo ya makhadi masauzande olembedwa ndi ophunzira udokotala a maiko ena. Ine sindikulangizani kuyamba nayo. Imalowa mozama m'zinthu zimene silabasi yanu sifuna, ndipo theka la phindu la khadi lili pa kulilemba nokha. Foni ilinso ndi mayesero ake: mwatsegula kuti muwerenge za nephron, kasefa ka mu impso, uthenga wa WhatsApp walowa, ola latha. Zimitsani data musanayambe. Ndipo malaiti akapita tsiku lonse batire n'kufa, katoni ya nsapato imakhala ilipobe. Ngati mwasankha foni, sungani makhadi 30 ovuta kwambiri pa pepala.

Anzanu ndi masabata omaliza

Kamodzi pa sabata khalani awiri kapena atatu, osapitirira pamenepo. Sinthanani mitolo. Mnzanu akufunseni makhadi anu, ndipo mukayankha aonjeze funso limodzi: "Chifukwa chiyani?" Mudzadabwa kuona makhadi angati amene yankho lake mumalidziwa koma chifukwa chake ayi. Mnzanu adzagwiranso zolakwa zimene munakopera molakwika, pakuti khadi lolakwa mukalibwereza miyezi itatu limakhazikika ngati loona. Mukasemphana yankho, buku ligamule, kaya ndi la Ross and Wilson limene ambiri timagwiritsa ntchito kapena lina limene aphunzitsi anu anasankha.

Makhadi salowa m'malo mwa mapepala a mayeso akale. Funso la mamalikisi 20 loti mufotokoze ulendo wa magazi m'mtima limafuna kuti mudziwe kulumikiza ziganizo, kuyambira ku vena cava, kudutsa right atrium, tricuspid, right ventricle, mapapo, mpaka kutulukira ku aorta. Choncho kwatsala masabata atatu, yambani kulemba mayankho athunthu mutatchera wotchi, ndipo paliponse pamene mwakakamira palembereni khadi. Kwatsala sabata imodzi, lekani kulemba makhadi atsopano. Tulutsani zigawo zonse zinayi, sakanizani, dutsani mtolo wonse m'masiku atatu, olephera muwaike pambali. Masiku otsalawo gwirani olepherawo okha, m'mawa ndi madzulo, ndipo usiku womaliza mugone nthawi yabwino.

Mayeso akatha musataye katoni. Chigawo chachinayi muzichitsegulabe pa 1 mwezi uliwonse, ndipo mukayamba pharmacology ndi za uzamba, makhadi a impso, a mtima ndi a mafupa a m'chiuno muwabwezere m'chigawo chachiwiri sabata imene phunziro lake likuyamba.